Musathamangire Kugula Laputopu Ina

Amayi anzanga, mwana wa kukoleji akaimba foni kuti laputopu yake ikuyenda ngati bilimankhwe, ambirife timathamangira ku banki m'khonde kukatenga ngongole yogulira ina. Ine ndikuti dikirani kaye. Kawirikawiri chodwala si kompyuta yonse, koma chipangizo chimodzi chosungira zinthu, chotchedwa hard disk.

M'kati mwa hard disk muli kambale kamene m'malaputopu ambiri kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kasingano kofunafuna chimene mwatsegula. Kufunafunako n'kumene kumadya nthawi. Chipangizo cholowa m'malo mwake, chotchedwa SSD, chilibe chozungulira. Chimasunga zinthu monga imachitira fulashi, ndipo chimawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, pamene hard disk ya laputopu imangofika cha m'ma 100 MB.

Wina anena kuti SSD yotsika mtengo ndi yaing'ono. N'zoona, koma kodi wophunzira amafuna malo aakulu bwanji? Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB. Choncho SSD ya 128 GB ikwana Windows, mapulogalamu olembera ndi manotsi, ndipo thumba likalola, ya 256 GB ndiyo yabwinopo. Hard disk yakale ija musaitaye. Ikaikidwa m'kabokosi kolumikiza pa USB imasanduka nkhokwe ya zithunzi ndi mavidiyo.

Musanatulutse ndalama, wokonza makompyuta ayambe waona ngati laputopuyo imalandira SSD ya mtundu wa SATA kapena wa M.2, chifukwa malo ake olowera ndi osiyana. Gulani yatsopano, yomata, ndipo mulandire lisiti, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana akopere ntchito zake kwina asanapereke laputopu, ndipo hard disk yakale abwere nayo kunyumba, popeza muli zinsinsi zake. Aziikanso ntchito zofunika pa fulashi, chifukwa SSD ikamafa sichita phokoso lochenjeza.

SSD si mankhwala a matenda onse. Siichiza batire lakufa kapena sikirini yosweka. Koma ngati vuto ndi kuchedwa kokha, kusintha chipangizo chimodzichi kumafuna ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi laputopu ina. Ngongole imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, ndipo fizi ya teremu yamawa sidikira.