Nyumba za ku Mandala ndi Nthaka Imene Zaimapo



Ambiri a ife tikapita ku Blantyre kukagulitsa nandolo kapena kukazonda odwala, timadutsa ku Mandala ndi kuima kuyang'ana nyumba zosanja zija za lendi, m'mene mabanja akhala ena pansi ena pamwamba ngati nkhunda m'khola. Timangoti, "Eni ake ndi opata!" ndi kupitirira ulendo. Koma kodi ndi angati a ife amene anafunsapo kuti nthaka imeneyi inachoka bwanji m'manja mwa makolo?

Dzina loti Mandala ndi la munthu. Anthu anatcha choncho John Moir chifukwa cha magalasi amene ankavala m'maso. Iye ndi mbale wake Frederick ankayendetsa kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo mu 1882 kampaniyo inamanga nyumba yosanja imene ilipo kufikira lero. Nthawi imeneyo panali patangopita zaka zochepa chilandirire mfumu Kapeni amishoni a ku Scotland, mu 1876. Mafumu athu pakulandira nsalu, mikanda ndi mfuti ankayesa kuti akupatsa mlendo pokhala, monga mwa mwambo. Mlendoyo ankayesa kuti wagula. Apa ndi pamene panagona mlandu wonse.

Tsono mu 1892 Bwana Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu mapepala otchedwa Certificate of Claim. Ndi pepala lokhalo Eugene Sharrer, munthu mmodzi, anakhala mwini wa maekala oposa 300,000. Inde, m'mapepalamo munalembedwa kuti midzi ndi minda yopezeka kale pamalopo isasunthidwe. Koma ndani wa m'mudzi anali ndi pepalalo m'thumba? Ndani ankadziwa kuliwerenga? Munda ukaguga, munthu nafuna kutsegula mphanje, anauzidwa kuti walowa m'malo a mzungu. Umu ndi m'mene thangata, mawu abwino othandizana pa ntchito, anasandukira goli. Agogo athu anagwira ntchito m'minda ya thonje, fodya ndi tiyi kulipira malo amene mitembo ya makolo awo inagonamo. John Chilembwe anaukira mu 1915, ku Thyolo anthu anaphedwa mu 1953, ndipo thangata anatha ndi lamulo mu 1962.

Thangata anatha, koma mapepala sanathe. Tauni inakula, malo anadulidwa mapuloti, puloti inagulitsidwa kwa uyu, uyu nagulitsa kwa uyo, ndipo pomaliza panamangidwa nyumba zosanja. Lendi ya mwezi ndi mwezi imapita kwa mwini pepala. Zidzukulu za amene ankalima pamenepo zikafuna chipinda zimalipira monga wina aliyense.

Sitikulemba izi kuti tidandaule za kale ayi. Tikulemba chifukwa chimene chinachitika ku Mandala chayamba kuchitika m'midzi yathu, ndipo tsopano wobwera si mzungu. Ndi mnzathu wakuda, wa galimoto yabwino ndi mawu aulemu, amene afika madzulo kunyumba ya mwini mbumba ndi ndalama m'chikwama. Mwezi wa njala munthu sakana. Tamva kuti ena agulitsa dimba la banja alongo awo osadziwa, ndipo ndalamazo sizinafike ngakhale nyengo yokolola. Tinene poyera: mfumu kapena malume wochita zotere akugulitsa chakudya cha ana amene sanabadwe, ndipo nthambi ino sidzamuombera m'manja.

Kusiyana kwa ife ndi anthu a Kapeni n'kwakuti ife tili ndi ana odziwa kuwerenga, ndiponso lamulo lilipo. Lamulo la malo a makolo la 2016 lilipo, ndipo likulola banja kulembetsa malo ake. Likutinso pa gulupu aliyense pakhale komiti ya malo, gulupuyo ali wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, mwa iwo atatu kapena kuposa akhale amayi. Amayi a m'nthambi, mipando imeneyi ndi yanu, musaisiye.

Chotero tikupempha membala aliyense kuti msonkhano ukudzawu usanafike ayende malire a munda wake pamodzi ndi oyandikana nawo ndi akuluakulu odziwa mbiri. Pamene pali mkangano mudzatiuze. Ndipo wina akabwera ndi pepala loti musainire kapena kudinda chala, musachite usiku kapena muli nokha. Bwerani nalo kwa mlembi wa nthambi kuti liwerengedwe mokweza pa bwalo.