Amisiri Akale a Njanji Aphunzitse Anyamata

Ku Livingstone, pamalo pamene kampani ya Zambezi Sawmills inali kukonzera masitima ake, pali nyumba yosungiramo zakale za njanji imene inatsegulidwa m'caka ca 1987. Masitima a nthunzi ndi mabogi a matabwa aimikidwa pabwalo, koma dzuwa, mvula ndi ciswe sizilemekeza mbiri ya dziko.

Ndalama pazokha sizingapulumutse mabogiwa. Afunika manja odziwa nchito. Ku Wales, m'dziko la Britain, anthu odzipereka osalandira malipiro anapulumutsa njanji ya Talyllyn m'caka ca 1951, ndipo kufikira lero akulu amaphunzitsa acinyamata kupala matabwa, kusula zitsulo ndi kupaka utoto.

Amisiri otere m'Zambia alimo. Ku Kabwe, kumene kuli likulu la Zambia Railways, madoda amene anapuma pa nchito angokhala pakhomo, pamene anyamata ambiri m'makomboni asowa cocita. A National Heritage Conservation Commission, amene ayang'anira nyumbayi, ayenera kuwasonkhanitsa msanga kuti aphunzitsane pokonzanso mabogiwo. Thabwa likaola lipezeka lina, koma mmisiri akamwalira asanaphunzitse mnzace, luso lace lipita naye kumanda.