ZA PAKHOMO PATHU: Mbewa Zafika pa Kaliyeka

Mwezi wa June ukafika ndipo chimanga chalowa m'matumba, pa Kaliyeka pamayamba kuoneka anyamata onyamula mapani a mbewa. Tsiku lina ndinaona mayi wina wachitsikana akugula mobisa, nakulunga mbewazo m'chitenje ngati waba. Ndinamva chisoni, pakuti akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Choyenera kuchititsa manyazi si kudya mbewa ayi, koma kugula ndiwo imene sukuidziwa.

Tisaganize kuti ndife tokha odya tinyama takutchire. Ku Louisiana, m'dziko la America, kuli anthu otchedwa Cajun, zidzukulu za Afalansa amene Angelezi anayamba kuwapirikitsa ku Acadia, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1755. Atakhazikika m'madambo a kumeneko anaphunzira kudya zimene tchire linawapatsa. Mwa izo muli kanyama kotchedwa raccoon, koposa mphaka pang'ono, kakuda m'maso, ka mchira wa mizeremizere. Amakasaka usiku m'nyengo yozizira, agalu nakathamangitsa kufikira katakwera mumtengo. Posenda amachotsa mosamala mafuta ndi timinofu tonunkha ta m'khwapa ndi m'ntchafu, kenaka amabwatitsa nyamayo, nataya madzi ake, naiotcha pamodzi ndi mbatata, anyezi ndi tsabola. Woiwala kuchotsa timinofuto waononga mphika wonse.

Mbewa yathu nayonso ili ndi malamulo ake, ndipo ana obadwira m'tauni sakuwadziwa. Mbewa si khoswe. Khoswe ndi wa m'nyumba ndi m'dzala, ndipo makolo athu sankamudya. Mbewa ndi ya m'munda, yodya chimanga, mtedza ndi mbewu za udzu. Pali kapuku amene ndiye wochuluka, pali phanya wa miyendo yaitali yakumbuyo, palinso chitute amene amatuta chakudya m'masaya nakasunga kuuna kwake, kotero kuti womukumba nthawi zina amabwerako ndi mtedza womwe. Mlenje wodziwa amayamba wafufuza pothawira, natsekapo, asanatenge khasu. Sapisanso dzanja m'dzenje mwachisawawa, popeza njoka imakonda nyumba yomanga ena.

Kukonza kwake nkosavuta koma sikufuna ulesi. Mbewa itumbulidwe tsiku lomwelo, ibwatitsidwe m'madzi a mchere, ndiyeno iwambidwe pamoto wa makala kapena iyanikidwe padzuwa kufikira itauma gwa. Ena amawaula ubweya, ena amati ubweyawo ndiwo ndiwo. Ine ndili kumbali ya owaula, ngakhale malemu agogo anga akadandiseka. Mukagula pamsika kapena m'mbali mwa msewu wa ku Dedza, nunkhizani, yang'anani pamimba ngati inatumbulidwa, ndipo mukafika kunyumba muibwatitsenso musanaike tomato ndi anyezi. Funsaninso wogulitsayo kumene anazigwira. Masiku ano mankhwala opha makoswe akugulitsidwa paliponse, ndipo kanyama kotoledwa katafa kale sikayenera kulowa mumphika wa ana anu, ngakhale mtengo utatsika chotani.

Tsono ndili ndi mawu kwa abambo. Ana athu akapita kokumba mbewa m'minda ya kuseri kwa Area 23 amatenga machesi, natentha mapesi ndi udzu kuti mauna aoneke msanga. Mapesi amenewo ndiwo akadaolera m'nthaka nakhala chonde cha chaka chamawa, ndipo udzuwo wina anali kuuyembekeza kuti afolere khitchini kapena amangire mpanda. Mphepo ya mwera ikaomba, motowo sufunsa kuti munda uwu ngwa yani. Mnansi wanga wina anataya motere mitengo yonse imene anabzala m'malire mwa munda wake, chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe. Loweruka likubwerali mwana wanu akatenga khasu, mupite naye mukamuonetse pothawira pa kapuku, ndipo machesi atsale m'thumba mwanu.