Jakisoni wa nyamakazi ya msana: bwanji amayamba ndi kuyeza TB?

Kwa Lobi munthu akadandaula msana timaloza khasu, keni yothirira kudimba kapena thumba la mbatatesi, ndipo nthawi zambiri timalondola. Koma pali msana wina umene umapweteka munthu akagona. Umamudzutsa mbandakucha, m'mawa umauma kupitirira mphindi 30, ndipo umamasuka akayamba kuyendayenda. Ngati mnyamata kapena mtsikana wanu wakhala chonchi kupitirira miyezi itatu, musamunene ulesi. Ikhoza kukhala nyamakazi ya msana, imene madokotala amaitcha ankylosing spondylitis. Kawirikawiri imayamba munthu asanafike zaka 45.

Gwero la matendawa ndi chitetezo cha m'thupi. Asilikali a m'magazi, monga otchedwa macrophage ndi T cell, amaitanizana pogwiritsa ntchito timauthenga totchedwa TNF ndi IL-17. Pa nyamakazi imeneyi mfuu imalira popanda mdani. Asilikali amaunjikana m'malo olumikizira mafupa a msana ndi a m'chiuno, malowo n'kutupa. Pakapita zaka thupi limameretsa fupa latsopano pamenepo, mafupa n'kugwirana, msana n'kuuma ngati nsungwi. Matendawa si a Azungu okha. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Lusaka adaona nyamakazi za mtundu umenewu zikuchuluka pakati pa anthu amene ali ndi HIV.

Thandizo loyamba ndi masewero olimbitsa msana komanso mankhwala ochepetsa kutupa monga ibuprofen, omwedwa motsatira malangizo a kuchipatala chifukwa amatha kuwononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Akalephera amenewa m'pamene pamabwera ma biologic. Awa sapha asilikali, amangogwira uthenga usanafike. Adalimumab, etanercept ndi infliximab amatsekereza TNF, pamene secukinumab amatsekereza IL-17. Mfuu ikazilala, asilikali amaleka kukhamukira kumsana, ndipo odwala ambiri amayambanso kugona tulo. Fupa limene lidagwirana kale silimasuka, n'chifukwa chake kuzindikira msanga n'kofunika.

Mu 2019 bungwe la WHO lidaika adalimumab pamndandanda wa mankhwala ofunikira, ndipo makampani ambiri tsopano akupanga ofanana naye pamtengo wotsikirapo. Choncho tiziwamva kwambiri, makamaka kudzera mwa abale athu a ku Joni. Apa m'pamene pali nkhani.

Anthu ambiri kwathu kuno ali ndi tizilombo ta TB togona m'thupi, osadwala. Asilikali amatizinga ngati mpanda, ndipo TNF yemweyo ndiye luzi lomangira mpandawo. Mukamutsekereza, mpanda ukhoza kugwa. Mu 2001 madokotala a ku America adafalitsa lipoti la anthu 70 amene adadwala TB atalandira infliximab, ndipo mwa ambiri TB-yo idagwira ziwalo zina, osati mapapo okha. N'chifukwa chake munthu asanayambe jakisoni ameneyu amayenera kuyezedwa TB, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akapezeka ndi TB yogona, amayamba wamwa mankhwala oteteza.

Palinso TB ya msana yeniyeni, imene imatha kufanana ndi nyamakaziyi. Msana ukamapweteka pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, linunda kapena kufooka kwa miyendo, musachedwe kunyumba. Kubaya biologic munthu wotere n'kuthira mafuta pamoto.

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, funsani mafunso atatu: msana udayamba liti, umapweteka pogona kapena pogwira ntchito, nanga diso lidayamba lafiira ndi kuwawa? Tumizani wodwala kuchipatala cha Lobi. Kumeneko akaona ngati n'koyenera kupita kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Inu makolo, musalandire jakisoni wobwera m'chikwama pabasi. Adalimumab amasungidwa m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo amafuna dokotala wotsatira wodwala. Mayi amene amabayitsa mankhwalawa ali woyembekezera auze anamwino mwana asanalandire katemera wa BCG, chifukwa mankhwala ena amadutsa n'kulowa mwa khanda ndipo katemerayu angafunike kudikira.