ZOKOMA ZA PAULENDO (Gawo 4): Mthuthuthu Pamvula

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ambiri timautchula mwambiwu monga chenjezo, koma ulinso ndi phunziro lina, lakuti chokoma ndi choŵaŵa zimadzera pamodzi, ndipo wothaŵa matope wathaŵanso zabwino za mvula. Lero tsono, inu aŵerengi, ndifuna kuikira kumbuyo chinthu chimene ambiri amachiyesa misala, ndicho kukwera njinga yamoto tsiku lathunthu mvula ili kugwa, popanda chokakamiza china koma kusangalala basi.

Tiyeni titenge ulendo weniweni. Munthu anyamuke ku Limbe m'maŵa mwezi wa Febuluwale, adzere ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Chitakale ku Mulanje, ndipo madzulo abwerere pamsewu wa Midima. Wa m'galimoto amangoonera dziko pagalasi ngati chithunzi. Wa pamthuthuthu amalimva ndi thupi lonse: fungo la dothi lonyowa ndi la mabulugama, utsi wa mondokwa wootcha m'mbali mwa msewu, chisanu cha m'zitunda za Thyolo, kenaka kampweya kofunda potsetserekera ku Luchenza. Minda ya tiyi, mbewu imene alimi adayamba kubzala ku Mulanje m'chaka cha 1891, imabiriŵira koposa ikangosamba mvula. Nalo phiri, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limabisala m'mitambo kenaka nkutulukira mwadzidzidzi, matanthwe ake ali mizeremizere ya mathithi amene m'chilimwe simungaŵaone.

Koma chokoma chachikulu n'chakuti mvula imaphunzitsa kudekha. Pamsewu wonyowa njinga imafuna mtunda woŵirikiza kaŵiri kuti iime, motero wokwera amachepetsa liŵiro ndi kutalikirana ndi galimoto lakutsogolo. Mabuleki amaŵagwira pang'onopang'ono, la kutsogolo ndi la kumbuyo pamodzi, asanaloŵe pokhota. Amapeŵa mizere yopentedwa ndi matope amene ngolo ndi mathirakitala zasiya paphula, ndipo njanji amaidutsa njinga ili chilili. Amadziŵanso kuti mvula ikangoyamba kumene msewu umaterera kwambiri, pakuti madzi amatukula mafuta ndi fumbi zimene zidakhazikika padzuŵa. Maganizo onse akakhala pazimenezi, za ngongole ndi za kuntchito zimasoŵa malo m'mutu, ndipo munthu amapuma mumtima ngakhale manja ali kugwira ntchito. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula ikakula, wokwera amapatukira pakhonde la golosale, pamene amapeza amayi ogulitsa bowa ndi zinanazi, ana asukulu ndi abambo a njinga zakapalasa, onse ali kuusa. Pamenepo palibe bwana, pakuti onse anyowa mofanana. Nkhani imayamba yokha, ya feteleza ndi ya mmene chimanga chamasulira, ndipo kapu ya tiyi wotentha imakoma kuposa phwando.

Ena adzati, kodi si kuseŵera ndi moyo kumeneku? Funso limeneli n'loyenera, makamaka lero pamene ngozi za njinga zakabaza zaliritsa mabanja ambiri. Anyamata amenewo amayenda pamvula pofuna chakudya cha tsikulo, kaŵirikaŵiri atanyamula anthu aŵiri opanda zisoti, ndipo sindili kutama zimenezo. Chisangalalo chimene ndikunena n'cha munthu wokonzeka: chisoti cholimba chomangidwa bwino, jasi lamvula looneka patali, magolovesi, nsapato zotseka, matayala osatha mizere ndi nyali yoyaka ngakhale masana. Ayeneranso kusiyanitsa mvula. Mawawa ndi mvumbi n'zoyendamo. Mvula yamphezi njofunika kuusa. Namondwe ndiye wosayesa nkomwe. Tonse tikukumbuka mmene namondwe Freddy adagumulira milatho ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre m'mwezi wa Malichi 2023. Madzi akasefukira pamlatho, wanzeru amatembenuka.

Tsono inu amene muli ndi njinga ndi zovala zoyenera, musaitsekere m'nyumba kuyambira Novembala mpaka Epulo ngati kuti dzinja ndi mdani. Mvula imene imakunyowetsani ndi yomweyo imene imadzaza nkhokwe, ndipo n'chinthu chabwino kuti munthu nthaŵi zina akomane nayo maso ndi maso. Mukafika kunyumba madzulo, mutatopa ndi kuzizidwa, nsima yotentha idzakuuzani yokha ngati ndanama.

Sabata yamaŵa tidzaona za kasamalidwe ka tcheni ndi mabuleki njinga ikayenda m'matope.