Chikomekome cha mkuyu pa malonda a galimoto

Misika ya fodya ikangotsekulidwa, magalimoto ogulitsa amachuluka m'boma la Marávia. Pa Fingoé, ku Malowera ndi ku Chiputo, malonda amachitikira pansi pa mtengo: wogulitsa aliza injini, wogula amenya tayala ndi phazi, ndalama ziwerengedwa, basi zatha. Ambiri mwa malonda otere amatha bwino, koma ena amakathera ku polisi kapena m'phompho.

Nayi nkhani yofala. Bambo wina ali ndi Toyota Hilux yomwe anaigula motchipa itagubuduzika. Anaiwongoletsa kwa amakaniko, anaikamo injini ya galimoto ina, anawonjezera masipuling'i kuti izisenza mabelo ambiri pa msewu wokumbika wochokera ku Bene kupita ku Zumbo, kenaka anaipaka penti yatsopano. Lero akufuna kuigulitsa kwa mlimi mnzake. Kodi akulakwa?

Kugulitsako si mlandu. Mlandu umayamba pamene mapepala akunena china, galimoto nkumaonetsa china.

M'dziko la Mozambique galimoto imadziwika ndi livrete, chikalata chomwe chimafotokoza mtundu wake, maonekedwe ake ndi nambala ya chasisi, pamodzi ndi chikalata chosonyeza mwini wake. Malamulo a pamsewu, Código da Estrada a chaka cha 2011, salola munthu kusintha kapangidwe ka galimoto mwa iye yekha. Kusinthako kumayenera kuvomerezedwa ndi kulembedwa m'mapepala. Bungwe loona zimenezi ndi INATRO, lomwe linalowa m'malo mwa INATTER m'chaka cha 2021. Tsono injini ikasinthidwa, penti ikasinthidwa, kapena galimoto yakatundu ikasandutsidwa yonyamula anthu, ulendo wa ku Tete sungapeweke. Ndi kutali ndithu, koma wapolisi pa msewu samva zoti kunali kutali. Amene amagwidwa ndi uja wagula.

Nkhani yachiwiri ndi ya magalimoto omwe a inshuwalansi anawataya, ati kukonza kwake kungadye ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo. Eni ake amalipidwa, zitsulozo nkugulitsidwa pa okishoni. Maiko ena amazipatsa chizindikiro. Ku South Africa, Code 3 ndi galimoto yomangidwanso itaonongeka, pamene Code 4 ndi yoti inaphwanyidwiratu, siyeneranso kuponda msewu. Ku Britain, kuyambira mu October 2017, Category S ndi yoonongeka mafupa, Category N ndi yoonongeka zina osati mafupa, koma Category A ndi B ndi zosabwereranso pa msewu. Ku Japan, pepala la pa okishoni likakhala ndi chilembo R, ndiye kuti galimotoyo inachitapo ngozi nkukonzedwa.

Vuto ndi lakuti galimoto ikadutsa malire awiri kapena atatu, mbiri yake imatsalira m'mbuyo. Ikafika pa Fingoé imangonyezimira, pomwe chasisi chake ndi chowotcherera. Chitsulo chimene chinapindika nkuwongoledwa ndi moto sichikhalanso ndi mphamvu zake zakale. Tsiku lina chidzathyoka pa mtsetse, pamwamba pali mabelo, amayi ndi ana, ndipo chipatala chachikulu chili ku Tete. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogulitsa wanzeru amanena zonse poyera: kuti galimoto inagwa liti, chinathyoka nchiyani, injini inachokera kuti. Amasunga malisiti a injiniyo, poti injini yopanda chiphaso ikhoza kukhala yakuba. Mtengo utsika pang'ono, inde, koma m'mudzi anthu amaonanabe pa maliro ndi pa tchalitchi. Wonamiza mnzake lero adzakumana naye mawa pa bwalo la amfumu.

Amayeneranso kuonetsetsa kuti dzina lasinthidwa m'kaundula wa eni magalimoto. Ambiri amangopereka makiyi ndi livrete, nkuiwala kuti boma likudziwabe iwo ngati eni ake. Galimoto ija ikadzagunda munthu kapena kugwidwa ndi katundu wozembetsa pa malire a Zambia, apolisi adzayamba kugogoda pa khomo la yemwe dzina lake lili pa pepala.

Naye wogula asathamange. Ayerekeze nambala yokhomedwa pa chasisi ndi ya mu livrete, chilembo ndi chilembo. Malo a nambalayo akaoneka opalidwa kapena opakidwa penti yatsopano, achokepo. Agwade, asuzumire pansi, aone ngati pali mowotcherera. Afunse chikalata cha inspekisawu ndi cha inshuwalansi, yomwe lamulo la chaka cha 2003 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Ngati galimoto ili ndi nambala ya ku Zambia, Malawi kapena South Africa, afunse mapepala a kasitomu ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba. Pomaliza alemberane pangano, pakhale mboni ziwiri ndi ziphaso za onse.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, itadya thukuta la banja lonse kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Galimoto yomwe mwini wake akukana kuti iunikidwe pansi, isiyidwe pomwepo pansi pa mtengo.