Ana atatu, malipiro amodzi: tiwasiyire ndani?

Ikamakwana 6 koloko m'mawa, padoko kuno ku Nkhotakota pamakhala patadzaza kale. Asodzi akutsitsa usipa omwe agwira usiku, amayi ndi mabeseni awo akunenerera mtengo, akabaza akudikira katundu. Amayi ambiri amakhala ndi khanda kumsana, kena kakuwakoka chitenje. Ukawafunsa za ana enawo amangoti ali kunyumba. Ali ndi ndani? Apa mpamene pagona nkhani yanga lero.

Ine ndili ndi ana atatu: wa zaka 5, wa zaka 3 ndi wa chaka ndi miyezi iwiri. Ndimagwira ntchito muofesi ya kampani ina paboma, kulowa 7:30, kuweruka 5 koloko. Bambo awo amapikula nsomba n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndiye pasabata masiku awiri sagona pakhomo. Njira zonse zosungira ana zomwe anthu amatchula ndaziyesapo, ndipo ndapeza kuti yaulere palibe. Imene ikuoneka yotchipa, dziwani kuti pali wina akulipira mwakachetechete, ndipo nthawi zambiri winayo amakhala mtsikana kapena gogo.

Tiyambire pa lamulo, chifukwa vuto limayambira pomwepo. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Kuchipatala amatiuza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Werengerani nokha. Ndipo ngati ana atsatizana pafupi, monga anga awiri omalizawa, wachitatuyo amabadwa tchuthi cholipidwa chija usanayenererenso kuchilandira. Kuyambira mu 2021 abambo nawo ali ndi masabata awiri, zomwe n'zabwino, koma msodzi kapena wogulitsa nsomba tchuthi achipempha kwa yani?

Ndiye umayamba kufunafuna wantchito. Mu 2025 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, ndipo a antchito a m'nyumba kuchoka pa K52,000 kufika pa K72,800. Tiyerekeze mayi wolandira K126,000 uja akufuna kutsatira lamulo. Akamulipira wantchito atsala ndi K53,200. Pamenepo pachoke lendi, ufa, makala, sopo, ndiwo, kuphatikiza chakudya cha wantchito yemweyo, poti naye amadya m'nyumba momwemo. Sizingatheke. Tonse tikudziwa kuti sizingatheke, n'chifukwa chake timachita zomwe timachitazi: kuimba foni kumudzi kuti "mundipezereko kamtsikana kondithandiza ana".

Inenso ndidaimba. Adanditumizira mtsikana wochokera cha ku Mwansambo, ati wa zaka 16. Atafika ndidaona ndekha kuti 16 sadakwane, koma ndidatseka maso chifukwa Lolemba ndimayenera kukhala kuntchito. Pambuyo pake adandiuza yekha kuti ali ndi zaka 13, ndipo adalekezera Sitandade 5. Lamulo lomwe lija limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ine ndinkadzitonthoza kuti sindidamulembe ntchito, ndikungomusunga. Mawu amenewa timawakonda, eti? "Ndi m'bale wanga, ndikumusunga." Koma m'bale wakeyo amadzuka 4 koloko, ana athu akupita kusukulu iye akuchapa matewera.

Tsiku lina madzi adasiya kutuluka pampopi, mtsikana uja n'kutenga zovala ndi ana onse kupita kunyanja kukachapa. Khanda kumsana, manja ali m'beseni. Wa zaka zitatuyu, panthawiyo ali ndi ziwiri ndi theka, adatsatira anzake m'madzi. Adamuvuula ndi mnyamata wina amene ankasoka ukonde chapafupi. Nditafika kunyumba ndidampeza mtsikanayo atakhala pakhonde akunjenjemera, n'kungoti, "Anti, musandimenye." Sindidamumenye. Ndikadamumenya chifukwa chani? Ndidasiyira mwana ana atatu, m'mphepete mwa nyanja, n'kumayembekeza kuti azichita ngati munthu wamkulu.

Anzathu a ku Lilongwe akamakamba za wantchito amaopa kubedwa kapena kuti mwana azingoonera katuni tsiku lonse. Kuno nkhawa zathu ndi madzi, ng'ona m'mitsinje ndi m'madambo, likodzo, malungo, ndi msewu wa M5 womwe magalimoto ake sadziwa kuti pali mwana. Wosunga ana kuno ayenera kukhala munthu wamaso.

Mtsikana uja atabwerera kwawo, kudabwera apongozi anga. Agogo ndiwo njira yomwe aliyense amati njaulere, ndipo chikondi chawo palibe wantchito angachifikire. Koma amayi adasiya munda wa mpunga ndi chinangwa. Amene adalima m'malo mwawo ndi aganyu, ndipo wolipira aganyuwo tidali ife. Onjezerani mankhwala a BP, thiransipoti ya kumaliro aliwonse akumudzi, ndi chitenje cha apo ndi apo chothokozera. Palinso mtengo wina womwe sulowa m'buku: apongozi suwadzudzula. Akampatsa khanda la miyezi inayi phala lamadzimadzi ati likulira njala, umangoti "Amayi, adokotala adaletsa", iwo n'kukuyankha kuti bambo a anawa adakula ndi phala lomwelo. Mvula itagwa mu Disembala adamanga katundu. Sindikadawaletsa. Munthu wa zaka zoposa 60 adalera kale ake, sitingamusandutse wantchito chifukwa choti sitikumulipira.

Ena amangotumiza ana kumudzi konko. Zimapeputsa thumba, inde, koma mwana wa zaka ziwiri umakamuona pakutha pa mwezi akukuthawa ngati mlendo.

Nanga nazale za pulayiveti? Zachuluka masiku ano, paboma, ku Dwangwa, ngakhale m'misika ing'onoing'ono. Zina nzabwino ndithu, zina ndi chipinda cha lendi chopakidwa penti ndi zithunzi za njovu. Fizi imaoneka yofikirika ukamva ya mwana mmodzi. Koma apa mpofunika kumvetsa bwino, makamaka inu amene mukungoyamba kumene banja: wantchito umamulipira chimodzimodzi kaya ana ndi awiri kaya atatu, pomwe nazale imawerengera mutu uliwonse. Fizi kawiri, yunifolomu kawiri, kachakudya konyamula kawiri, kabaza m'mawa ndi masana, kenako kalata yoti mupereke ya gauni ya "graduation" ya munthu amene sadziwa n'kumanga komwe nsapato. Ukakhala ndi mwana mmodzi nazale ikhoza kukutchipira kuposa wantchito. Ukafika pa atatu masamu amatembenuka. Ndiye zomwe ndidafunsako ine zonse zimaweruka masana, ndipo khanda salandira. Kutanthauza kuti walipira fizi koma wantchito akufunikabe kuyambira 12 koloko mpaka 5. Anthu ambiri amazindikira zimenezi atalipira kale teremu yoyamba.

Yatsala ndi sukulu ya mkombaphala, yomwe m'mabuku a boma amaitcha CBCC, pansi pa ndondomeko ya mmera mpoyamba. Ambiri a ife ogwira ntchito timaiderera, timati nja kumudzi. Ine ndidaiderera zaka ziwiri, ndipo ndidalakwa. Ana anga awiri akulu amapita kumeneko tsopano, amaimba, amawerenga mpaka 20, amamwa phala, ndipo chomwe timapereka ndi kangachepe: ufa, nkhuni, nthawi zina ndalama ya shuga. Alezi ake ndi amayi a m'mudzi momwemo, amadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe.

Koma taonani mmene idapangidwira. Imatenga ana a zaka 3 mpaka 5. Imatsegula m'mawa, isanakwane 12 ana abalalika. Makolo amaphika phala mosinthana, ndiye iwe wa muofesi tsiku lako likafika umapempha mnzako kapena kulipira wina. Ufa ukatha nyengo ya njala, ana amasiya kubwera. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, ndiye mlezi akapeza ganyu yokolola mpunga, sungamunene kuti walakwa kutseka chitseko. Sukulu imeneyi adaiganizira mayi amene ali pakhomo kapena kumunda wapafupi. Mayi wa padoko, namwino, mphunzitsi, wodula nzimbe, wogulitsa m'golosale sadamuwerengere.

Ndikudziwa zomwe ena mulembe m'munsimu. "Mukuberekeranji ana ambiri ngati simungakwanitse?" Chabwino, za kulera ndamva, ndipo ndidapita kale. Koma ana atatuwa alipo, akupuma, mawa 7:30 ndikufunika kuntchito. Komanso pamene woyamba ankabadwa, ndalama yathu idali isadagwe ndi 44 peresenti ija ya mu Novembala 2023. Bajeti yomwe tidapanga nthawi imeneyo lero ndi nthabwala. Ena mudzati mayi angosiya ntchito. Amayi ambiri amasiyadi, ndipo pakatha zaka zisanu malo awo adalowapo wina kalekale. N'chifukwa chiyani funsoli silipita kwa bambo? Bambo a kwathu, kunena zoona, masiku omwe alipo amasambitsa ana ndi kuwaperekeza, koma anzawo padoko amawaseka kuti adadyetsedwa. Anyamata, kunyamula mwana wako si mankhwala.

Chomwe chatithandiza ife n'chosavuta, ndipo sindikunena kuti n'changwiro. Tidagwirizana mabanja atatu oyandikana, tonse a banki mkhonde imodzi. Tidapeza mayi wamkulu, wamasiye, amene ana ake adakula. M'mawa amakhala ndi makanda atatu pakhomo pa mmodzi wa ife pomwe pali mpanda, akuluakulu ali ku mkombaphala. Masana onse asanu ndi awiri amasonkhana pamenepo, ndipo agogo a m'nyumbamo amathandizira. Banja lililonse limapereka K30,000, mayiyo amalandira K90,000, kuposa malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba aja, ndipo amaweruka n'kukagona kwawo. Chakudya aliyense amabweretsa chake. Ndekha K72,800 sindikadaitha. K30,000 ndimaitha, movutikira.

Mavuto ake? Mmodzi akadwala chimfine, sabata imeneyo onse ndi mamina. Banja lina limachedwa kulipira nsomba zikavuta, makamaka mwera ukamawomba mu Juni ndi Julaye asodzi osalowa m'madzi. Tidakanganapo za mwana woluma anzake mpaka masiku atatu osapatsana moni. Ndipo mayiyo akadwala, tonse atatu timayang'anana kuti ajombe ndani. Komabe ndikakhala muofesi mtima umakhala m'malo, zomwe sizidachitikepo nthawi ya mtsikana uja.

Koma zisathere pa nzeru za amayi atatu a mumzere umodzi wa nyumba. Khonsolo yathu ikamagawa ndalama za chitukuko za CDF, nkhani imakhala milatho ndi midadada ya sukulu. Nzofunika, sindikukana. Nanga bwanji sukulu ya mkombaphala imodzi padoko lililonse lalikulu, ya mpanda, yotsegula nthawi yomwe amayi amapita kukapikula nsomba ndi kutseka madzulo? Makomiti a m'madoko alipo kale, mafumu alipo, mipingo ndi mizikiti ili ndi zipinda zomwe zimangokhala pakati pa sabata. Chosowa ndi malipiro a mlezi. Munthu sangasunge ana 30 tsiku lonse n'kumalipidwa "Mulungu akudalitseni". Ine ndingalolere kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kuti mlezi akhale mpaka 5 koloko, ndipo ndikudziwa amayi ambiri amene angatero, bola boma liikepo gawo lake kuti mwana wa mayi wosauka asabwezedwe pakhomo.

Olemba anthu ambiri ntchito nawonso, kaya ndi kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, kaya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu, kaya zipatala, awerengere masiku omwe amayi amajomba chifukwa chosowa wosiyira mwana, ayerekeze ndi mtengo wa chipinda chimodzi ndi alezi awiri. Ndikukhulupirira kuti akawerengera moona sadzafuna wowakakamiza.

Za mtsikana uja, ndidamutumiza kwawo ndi yunifolomu ndi makope, ndipo teremu iliyonse ndimatumizako kangachepe pa Mpamba kwa mayi ake. Sindikudzitama, ndikubweza ngongole ya miyezi 7 yomwe adakhala akulera ana anga m'malo mokhala m'kalasi. Mwezi wathawu mayi akewo adandiimbira. Ati sukulu akupita ndithu, ali Sitandade 6. Kenako adatsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndikudziwako wina paboma amene akufuna kamtsikana, poti mng'ono wake wakwanitsa zaka 12.